Kagalimoto ka Atate pa Tsiku Lowaika

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana uli gwa chifukwa chogona pamkeka pafupi ndi bokosi la atate. Akwaya anali atasasa mawu. Panja chisanu cha ku Domwe chinali mbuu paudzu, ndipo ophika ankakoleza moto pansi pa miphika ya nyemba. Ine mtima unali pa kagalimoto kamene kanali m'chisakasa kuseri kwa nkhokwe.

Atate anabwera nako kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, kochita kukokedwa. Kachingelezi kachikale, ka mipando iwiri, kopanda denga. Mzungu amene ankamukonzera magalimoto ku Dedza anawasiyira kali kakufa. Atate anakadzutsa pang'onopang'ono, ndipo ine, mwana wawo mmodzi yekha, ndinakula manja ali mumota, injini yake. Ali gone kuchipatala ku Ulongwe anandigwira dzanja n'kunena kuti kagalimotoko kadzawatsogolere kumanda. Ndinavomera. Koma kanali katatha miyezi isanu osalira.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa minibasi zija timati shapa, ena panjinga kuchokera ku Lifidzi. Atate aang'ono anaitanitsa amekaniko awiri. Ine ndinali m'nyumba ya siwa, poti namfedwa sayendayenda, koma khutu lili panja. Mota inkangoti nyee, nyee, osagwira. Anachotsa mavela, mapulagi aja, kupukuta, kubwezera. Anapondaponda mafuta ngati akuliza shapa. Bateriya inayamba kulefuka.

Dzuwa litakwera adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha. Atate aang'ono analowa, n'kunjuta pafupi nane.

"Mwanawe, chitsulo chija chakana. Adzukulu sadikira. Tikunyamuka."

Ndinaimirira. Azakhali anandikoka chitenje. "Iwe, ukupita kuti? Maliro a bambo ako awa!" Ndinawasomphola chitenjecho mwamwano, ndivomere, ndipo mpaka lero sindinawapepese.

Nditafika kuchisakasa ndinauza mekaniko mmodzi kuti apotokole kiyi pang'ono chabe, ndipo aliyense atseke pakamwa. Galimoto zamtunduwu zimayamba zalankhula. Bomba, pampu yokoka gazolina, imati ti-ti-ti mota isanalire. Kunali zii. Abale inu, anthuwa m'mawa wonse ankazunza kutsogolo, chikhalirecho vuto lili kumbuyo, pafupi ndi tayala! Bomba ikakhalitsa imamatirira, imafuna kuigogoda.

Ndinamanga chitenje n'kulowa pansi chagada, apongozi anga akuona, mudzi wonse ukuona. Manyazi ndinali nawo, koma mantha anaposa. Ndinagogoda ndi sipanala. Zii. Ndinagogodanso. Zii. Kunyumba kwaya inayamba nyimbo yotulutsira bokosi. Ndinati, "Atate, musandichite zimenezi." Ndinamenya kachitatu ndi ukali wonse, ndipo bomba inayankha, ti, ti, ti-ti-ti-ti.

Bateriya inalibenso mphamvu, ndiye amuna anayi anakakankha potsetsereka pa njira ya kudimba. Ndinali nditakoka kachitsulo kowonjezera gazolina kukazizira, kamene amekaniko aja sanakaone n'komwe. Kanatsokomola, kanalavula utsi, kenako kanabangula. Onyamula bokosi anali kale pakhomo. Anaima. Amuna amene anadzigwira m'mawa wonse analira pomwepo.

Ndinatsogola pa giya yoyamba, bokosi pambuyo panga, khamu pambuyo pake. Mota yachingelezi simakonda kuyenda kwa maliro, imatentha msanga. Diso langa silinachoke pa singano yoonetsa kutentha. Inkakwera, inkakwera, njira osatha. Anthu ankaimba, ine ndinkawerenga mitengo ya bulugamu yotsala. Nthunzi itayamba kufuka kutsogolo, tinali pamsitu wa manda. Ndinazimitsa pamene adzukulu ankalandira bokosi, n'kutsika.

Madzulo anthu anabalalika, kunangotsala achibale ochepa atazungulira moto. Kagalimoto anakakankha kubwerera m'chisakasa. M'nyumba munali zii. Ndinakhala pakhonde ndi beseni, kukhula manja ndi sopo ndi mchenga, koma zakuda za m'zikhadabo osachoka. Amayi anga anatuluka n'kukhala pambali panga. Anatulutsa manja angawo m'madzi, kuwatembenuza, kuwayang'anitsitsa.

"Asiye choncho," anatero. "A bambo ako dzulo tinawasambitsa ndi sopo, koma apita nazo."

Mpamene ndinayamba kulira.