Nkhalamba ya Zipewa Ziwiri Yomwe Ndinaigwira Dzanja ku Guatemala

Anzanga a ku Mbare amati ndikamakamba izi ndiye kuti ndalawako, koma ndikunenetsa, zinachitika dzuwa likuswa mtengo ndipo m'mimba mwanga munali madzi okhaokha.

Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, mzinda uno momwe muli Mbare ukadali kutchedwa Salisbury. Mzungu yemwe ndinkamuphikira, mwini kafakitale ku Graniteside, anathawira ku Guatemala kukalima khofi, ndipo ine ananditenga popeza ndinali ndi pasipoti ya ku Malawi kwa makolo anga. Atandipatsa tchuthi, ndinabereka chikwama kumsana ngati azungu oyendayenda aja, n'kumatsika mapiri kulowera kunyanja ina yozingidwa ndi mapiri ofuka utsi, komwe kumakhala anthu a mtundu wa Maya.

Tsono ine ndinaleredwa bwino. Bambo ankati mlendo sagona pamudzi asanaonekere kwa mwini mudzi. Nditatsika bwato pamudzi wina, ndinafunsa ndi manja komanso Chisipanishi changa cha kukhitchini kuti wamkulu wa pano ali kuti. Amayi ena ochapa anandilozera nyumba, akuyang'anizana modabwa.

M'nyumbamo munali utsi wokhawokha ndi makandulo pansi ponse, amuna atakhala m'mbali mwa khoma. Pakati panali nkhalamba yovala zipewa ziwiri ndi mipango yambirimbiri m'khosi, ndudu ikufuka pakamwa. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja monga tinaphunzirira kwa Ashona, kenako ndinapereka dzanja ndi ulemu wonse. Abale anga, m'malayamo munalibe dzanja! Chomwe ndinagwira chinali mtengo, ndipo podzidzimuka ndinakoka, ndudu n'kugwa, nkhope n'kupendekeka. Sanali munthu ayi, chinali chosema chomwe eni ake amachilambira.

Mmodzi mwa amuna aja anatseka chitseko. Ine ndinakulira pafupi ndi a gule wamkulu ku Mbare, ndimadziwa zomwe zimamuonekera wosavinidwa akagwira chilombo. Ndinangoti basi, ndafera kutali, amayi sadzaona ngakhale manda anga. Anandigwira mapewa, kundifunditsa nsalu kumutu, wina akulankhula mofulumira chinenero chongodukaduka pakhosi. Kodi ankanditemberera? Kodi ankandipepesera? Kapena ankakambirana pokataya mtembo? Ndinamva chonyowa kumaso ndipo ndinkayesa magazi, koma unali mowa woyaka ngati kachasu womwe wina ankandipemerera kuchokera m'kamwa mwake. Ndinayamba pemphero la Ambuye, koma ndinalephera kulimaliza.

Atandivundukula, bambo wina wachikulire anandiyika ndudu yomwe inagwa ija pakamwa, n'kundiuza ndi manja kuti ndiikoke kenako ndiibwezere kwa mwini wake. Ine wa kwaya, wosasuta chibadwire, ndinakoka, kutsokomola mpaka misozi, n'kuibweza pakamwa pa mtengo uja ndi manja awiri. Palibe anaseka, palibe anakwiya. Anangotsegula chitseko, n'kundipatsa chikwama changa.

Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku limenelo ndinalangidwa kapena ndinadalitsidwa, ndipo kutchalitchi sindinaululepo. Chomwe ndimakhulupirira n'chakuti anthu aja anaona kuti ndinalakwa ndili chogwada, n'chifukwa chake ndinatulukamo wamoyo. Koma inu oyenda m'maiko a eni, safunsa anadya phula. Ulemu wa kwanu musathamange nawo. Muziyamba mwaima pakhomo, muone kaye ngati amene mukufuna kumugwira dzanjayo akupuma.