Ndinanyoza mafoni agalasi, ntchito inatsala pang'ono kundithera

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kubwezedwa kumudzi kuchokera kuno ku Dubai chifukwa cha makani. Wondilodza panalibe, ndinadzilodza ndekha.

Kukonza mafoni ndinaphunzirira ku Mangochi nthawi ya mafoni amabatani, ndipo luso limeneli ndi lomwe linandikweza ndege. Ndinapeza ntchito m'kashopu kena ku Ras Al Khor, pafupi ndi msika waukulu, komwe madalaivala a malole ankabweretsa mafoni awo atadzaza fumbi. Foni ndinkaitsegula ngakhale nditatsinzina: kuchotsa batire, kumasula, kupukuta mabatani, basi yadzuka. Ndinkadzimva kuti kuno kulibe wina.

Kenaka kunabwera mafoni agalasi lokhalokha, oyendetsa ndi chala. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinkauza makasitomala kuti izi n'zidole za ana a mabwana, zitha ngati fashoni. Bwana wathu, bambo wofatsa wa ku Pakistan, anandiuza kawiri konse kuti ndiphunzire kakonzedwe kake kwa Rashid, mnzanga wa pantchito. Ndinakana. Ine katswiri ndikhale pansi ngati mwana wa sukulu?

Koma mafoni amabatani anayamba kusowa patebulo langa. Makampani omwe ankawapanga nawonso anatembenukira ku galasi. Ndinkaswera kuyasamula, Rashid ali kalikiliki.

Tsiku lina Rashid atapita kukagula zipangizo, kunabwera mayi wina wakwathu, wogwira ntchito yam'nyumba ku Al Garhoud. Foni yake yagalasi inkakana kutchaja. Atamva kuti ndine Mmalawi anasangalala nati, "Achimwene, Alhamdulillah ndapeza wakwathu. Mundikonzere bwino, ana anga ndimawaonera momwemu." Ndinachita manyazi kunena kuti sindidziwa. Ndinatenga kachitsulo n'kuyamba kukanula monga ndinazolowera, osadziwa kuti galasilo amalimata ndi guluu ndipo umayamba walitenthetsa kaye. Ndinangomva kuti thwa! Galasi lang'aluka pakati. Mayi uja sanandilalatire, anangogwira pakamwa.

Bwana analamula kuti Rashid aike galasi lina, kenaka anandiitanira pambali. "Khalas, basi zakwana," anatero. Viza yanga inali itatsala miyezi iwiri kuti ithe, ndipo ananenetsa kuti ndikapanda kuphunzira saiwonjezera. Ndinaganizira ana anga omwe ali pasukulu, ndinadziona ndikutsika ndege chimanjamanja, ndipo mantha anandigwira.

M'mawa mwake ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa Rashid, munthu yemwe ndinkamuseka kuti amangosisita magalasi. Sanandibwezere chipongwe. Zala zanga zinali zolemera, mafoni akufa ophunzirirapo ndinawaswa ambirimbiri, iye n'kumangoti yalla, tiyeni, yesaninso. Pang'onopang'ono manja anazolowera kufatsa, ndipo viza anandiwonjezera. Lero mafoni ovuta amawabweretsa patebulo langa, ndipo pakatuluka mtundu watsopano ndimakhala woyamba kupempha kuti andionetse m'kati mwake.

Inu owerenga, ntchito yomwe mukuidziwa lero isakupusitseni, dziko silidikira munthu. Chatsopano chikafika musachiseke musanachigwire, paja kufunsa ndi kudziwa njira. Ndipo munthu akakupatsani chinthu chake chomwe simukuchidziwa, nenani poyera kuti sindidziwa, ndiphunzitseni. Ine mawu amenewa ndinawaphunzira imvi zitayamba kale, koma ndi omwe akulipirira ana anga sukulu mpaka lero.