Mphindi Imene Mwezi Unabisa Nthanda

A Darmuji, okonza mawotchi m'mudzi wina wa kumapiri a Pacitan, ankakhulupirira kuti kuchedwa ndi mphindi imodzi ndi bodza laling'ono. N'chifukwa chake anthu anawapatsa udindo woimba ng'oma ya pamzikiti ndi kuitana azana, mfuu yoitanira anthu ku pemphero. M'mwezi wa Ramadani panalibe womwa ngakhale dontho la madzi mawu awo asanamveke.

Mtima wawo unalinso kwina. Anapanga okha chida choonera zakuthambo, cha paipi ya madzi ndi magalasi a pamsika, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ankadikira tsiku loti mwezi udzadutse kutsogolo kwa nyenyezi ya Nthanda n'kuibisa. Ankafuna kudzaona okha ndi kujambula. Atawerengetsera, anapeza kuti zidzachitika pa mphindi yeniyeni yomasulira kusala.

A Haji Muslan, mnzawo wa paubwana, anadzipereka kuitana azana m'malo mwawo. A Darmuji anakana, powakumbutsa kuti chaka china anamasulitsa mudzi wonse dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya kokonati.

"Ndiye mukajambule khoma, achimwene," anatero a Muslan.

Chida chija anachiimika pabwalo la mzikiti, namangirira foni pagalasi loonera, n'kusiyira akazi awo, a Ngatinah, amene ankachitcha mpope wopanda madzi. Anawaonetsa kawiri podina.

"Ndamva, bambo. Si mpunga uwu kuti ungapserere."

Ng'oma inalira pa nthawi yake. A Darmuji analowa mumzikiti nayang'ana kumadzulo monga mwambo ufunira, komwe kunalinso mwezi. Pakati pa iwo ndi thambo panali khoma lopaka laimu. Mawu awo sananjenjemere, ndipo sanafupikitse liwu ndi limodzi lomwe.

Pemphero litatha anapeza mwezi uli wokha, ukutsikira kuseri kwa phiri. A Ngatinah anali chiimire, tiyi wawo wosakhudzidwa. Mufoni munalibe chithunzi.

"Ndinaiwala kudina, bambo. Nthanda ija inakhala pamphepete pa mwezi, pamdima paja, n'kuyamba kuchepa ngati nyali yotha mafuta. Kenako basi."

A Darmuji anamwa madzi nakhala pansi pakhonde. Za foni sanazitchule. Anafunsa mbali imene inalowera, ndiponso masekondi amene inatenga. A Ngatinah anati sanawerenge. Ndani angawerenge pa zinthu zoterozo?



"Fotokozaninso, mayi," anatero a Darmuji. "Pang'onopang'ono."