Katswiri wa Mahatchi wa ku Chamama

Nditabwerako ku Joni, ndinkauza anthu ku Chamama kuti ndinkaphunzitsa mahatchi. Zoona zake n'zakuti ndinkangowola ndowe m'makola mwawo.

Bodza langali linawapeza a Mwale, mlimi wa fodya amene anali atangogula hatchi yaing'ono yosakweredwapo. Anandiitanitsa, ndipo aganyu onse anasiya kusoka fodya kuti adzaonere.

Ndinalowa m'khola ndi chingwe, ndikukalipa m'Chizulu. Hatchiyo inagoneka makutu, ine n'kumati yandipatsa ulemu. Itatembenuka n'kundilozetsa miyendo yakumbuyo, ndinangozindikira ndili padenga la chigafa cha fodya, nsapato imodzi itatsala pansi.

Mayi Nabanda, amene amasamala abulu pafamupo, analowa mwakachetechete. Anaima cham'mbali, hatchi inawanunkhiza dzanja, ndipo atayamba kuyenda pang'onopang'ono inawatsatira.

"Achimwene, mukutani kumwambako?" anafunsa a Mwale.

"Tsiku loyamba mphunzitsi amaonera patali, bwana. Mayiwa akuyesetsa ndithu."

A Mwale anandiyamikira pamaso pa anthu onse, ine osakana. Amene anandibweretsera makwerero ndi Mayi Nabanda omwewo.

"Tsikani, aphunzitsi," anandinong'oneza. "Ndaimangirira."