Tambala Amene Ndinapita Naye kwa Amwenye

Anthu amati ndine waukali. Bodza limenelo. Ku Nairobi kuno pamsewu padzaza zitsiru, ndiye pamafunika wina woziuza. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma chitsiru ndimachizindikira chikadali patali.

Ndinabwera kuno pa thiraki, n'kutsalira. Ntchito ndinapeza yoyendetsa mdala wina wachimwenye, mwini shopu ya mapaipi ndi zitsulo. Aliyense amawaitana kuti Mzee, inenso choncho. Shopuyo masiku ano akuyendetsa ndi mwana wawo, bwana wamng'ono, munthu woti mano ake sindinawaonepo. Wolemba ndi kuchotsa anthu ntchito ndi iyeyo.

M'galimoto ya Mzee, kutsogolo kwenikweni, muli kachithunzi. Mnyamata wosalala nkhope wagwira mkondo, kumbuyo kwake kuli pikoko, mbalame yonyada ya mchira wautali ija, pambali mbendera yojambulidwa tambala. M'mawa uliwonse Mzee amalowa ali ndi phulusa loyera pamphumi, amakagwira kachithunziko ndi zala, kenako n'kudzigwira m'maso. Dzina la mnyamatayo anandiuzapo kangapo koma lilime langa linakana. Ndimangoti wa mkondo.

Nditangoyamba ntchito ndinafunsa kuti, “Mzee, ameneyu ndi ndani?”

“Mulungu wathu. Mkulu wa asilikali akumwamba.”

Ndinati eya, apa ndiye tamvana. Ine ndine Mkhristu, koma munthu wonyamula mkondo pamsewu wa ku Nairobi ndimamupatsa ulemu. Matatu, maminibasi akunowa, akatipherera ndinkati, “Mzee, tamuuzeni wa mkondoyu aboole tayala la galu uyo.”

Iwo ankaseka. “Mkondowo si wa matayala. Tauyang'ana. Pakati ndi wotakata, kunsonga ndi wakuthwa, chogwirira n'chachitali. Nzeru za munthu zizikhala choncho. Mdani amene amabayidwa nawo ali umu.” Ankatero akundigogoda pachifuwa. Ine ndinkawauza kuti umu muli utsi wa matatu basi.

Ndiye tsiku lina mtauni, pa raundabauti, matatu inathyola galasi lathu lam'mbali. M'malo mopepesa, kondakitala anatulutsa mutu n'kutukwana amayi anga, munthu woti ali m'manda ku Ntcheu, Nairobi sanamuonepo. Ndinatsika. Sindinamumenye ayi. Ndinangomugwira malaya n'kumugwedeza pang'ono, mabatani anaduka okha. Koma anthu akuno foni sizichoka m'manja. Pofika kushopu, bwana wamng'ono anali ataona kale kanema yense.

“Makiyi patebulo. Pita kunyumba. Lolemba ndidzakuuza.”

Mawu amenewo ngakhale mwana amadziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha, ine Nairobi watha. Ndibwerera kumudzi ndi kachikwama, ana anga asiya sukulu ngati bambo wawo.

Ndinaimbira mayi a kunyumba.

“Inu bambo a ana, mwamenyanso munthu?”

“Sindinamenye. Ndinagwedeza.”

“Ndiye tizidya kugwedezako? Wolakwa amapepesa ndi nkhuku, mwaiwala za kwanu? Pitani kwa akuluakuluwo, ndipo musapite chimanjamanja.”

Nditadula foni, mutu unagwira ntchito. Pambendera paja pali chiyani? Tambala. Munthu sajambulitsa ndi chinthu chimene sachikonda. Ndinati basi, wa mkondo ndiwo yake ndi tambala. Ndikapepesa Mzee, ndikapepesa ndi mulungu wawo yemwe, ulendo umodzi. Zoti sindinawaonepo Mzee akudya nyama ndinkazidziwa, koma ndinkayesa ndi vuto la mano.

Loweruka ndinagula tambala pamsika ku Embakasi komwe ndimakhala, wofiira, wamalipombo ngati chipewa cha bishopu. Mpeni ndinatenga wanga, poti mipeni ya kwa Mzee imangodziwa tomato ndi anyezi.

Nditafika kunyumba kwawo ku Parklands ndinapeza nsapato mbwee pakhomo. Ndinali nditaiwala kuti inali sabata yawo yosala kudya, imene amakumbukira nkhondo ya wa mkondo, akungolawa zipatso ndi mkaka. Nanenso ndinavula nsapato, ulemu ndili nawo. Pabalaza panali mkondo wamkuwa utaimikidwa m'beseni, Mzee akuuthira mkaka kuchokera kunsonga, mkakawo n'kumatsetsereka mpaka pansi. Nyale zikuyaka, maluwa, nthochi, fungo la lubani, azimayi atakhala pansi akuyimba, wina akuliza kabelu. Zinali zokongola, sindinama. Mzee amene ndimawadziwa akutsokomola kumpando wakumbuyo, apa nkhope inali ngati ya mwana amene waona mayi ake.

Ndinagwada pakhomo ngati kwathu, tambala m'khwapa, kudikira kuti amalize. Tambala sanadikire. Anasolola khosi n'kulira mokweza ngati kwacha.

Nyimbo inaduka. Kabelu kanasiya.

Bwana wamng'ono anadzambatuka. “Ichi n'chiyani?”

“Ndabwera kudzapepesa, bwana. Nkhukuyi ndi ya Mzee ndi mulungu wawo. Mungondisonyeza pozingira, mpeni ndabwera nawo.”

Ndinautulutsa kuti aone kuti sindikunama. Mayi wina anakuwa n'kudziphimba kumaso ndi nsalu.

“Nyumba ino chiimangireni simunalowepo nyama!” anatero bwana wamng'ono. “Ndiye iwe lero, tsiku losala, pamaso pa mulungu, ndi mpeni? Tuluka!”

Apa ndinamuyankha. “Nanga ngati simudya mumamujambuliranji pambendera? Munthu ndayenda naye pa matatu kuchokera ku Embakasi, wandinyerera buluku, inu muziti tuluka?”

Kumbuyo kunamveka kuseka. Anali Mzee, jagi ikugwedezeka m'manja, mkaka ukudonthera pamapazi. “Musiye,” anauza mwana wawo. “Iwe, bisa mpeniwo, usendere kuno. Ukudziwa kuti tambala wa pambendera anachokera kuti?”

“Kumsika, ngati uyu.”

“Kunali chiphona, chaukali, chosamva za munthu. Chinasautsa pansi, chinasautsa kumwamba. Wa mkondo anamenyana nacho masiku amene tikusalawa. Chitaona kuti zavuta chinadzisandutsa mtengo waukulu, mkondo n'kuung'amba mtengowo pakati. Mbali ina inasanduka pikoko, mbali ina tambala.”

“Ndiye anawadya.”

“Ayi. Anawalemba ntchito. Tambala anamuika pambendera kuti azidzutsa anthu. Pikoko ndi amene amamunyamula kulikonse kumene akupita.”

Ndinaganiza pang'ono. “Ndiye kuti pikokoyo ndi dalaivala?”

“Dalaivala. Waukali, wonyada, mawu oipa. Koma mwini wake sanamuchotse.”

Ponena zimenezi Mzee sankayang'ana ine. Ankayang'ana mwana wawo.

“Baba,” anatero bwana wamng'ono, “chiphonacho anayamba wachibaya kaye.”

“Uyu wabayidwa kale. Unamuonapo atagwada?”

Azimayi aja anayamba kusekera m'nsalu. Ine sindinaone choseketsa. Mawondo ankawawa, matailosi akuzizira, tambala akundijompha pamkono, ndipo munthu wamkulu wandiyerekeza ndi chiphona pamaso pa alendo. Mawu anafika pakamwa, abwino kwambiri, oti bwana wamng'ono akanawakumbukira mpaka kukalamba. Ndinakumbukira ana, n'kuwameza. Anali owawa kuposa kwinini.

Bwana wamng'ono anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina kudikira kuti ndiphulike. Kenako analowa kuchipinda n'kubwera ndi makiyi.

“Ukadzatsikanso m'galimoto kukagwira munthu, usadzabwerenso kuno. Ngakhale ndi ng'ombe.”

Ndinafuna kufunsa kuti ng'ombeyo akanaidya ndani, koma ndinangolandira ndi manja awiri. Mzee ananditapira nthochi ndi timaswiti ta mkaka zochokera patsogolo pa mkondo paja, n'kunena kuti tambalayo, poti walowa m'nyumba tsiku loyera, ndi mlendo wa mulungu. Asaphedwe. Ndimusunge ineyo.

Ndiye ali kwathu ku Embakasi mpaka lero, m'kakhola ka mawaya kuseri kwa bafa. Wanenepa ngati nduna. Amadya chimanga changa, ndiwo yoti sindidzailawa. Aneba akadandaula za phokoso lake ndimawayankha mokwanira, poti za kunyumba sizinali m'pangano.

Pamsewu sinditsikanso. Matatu ikatipherera ndimakweza mawindo onse, ndimagwira chiwongolero zolimba, n'kutukwana m'Chichewa, kuyambira dalaivala, kondakitala, mpaka amene anawapatsa laisensi. Ndikamaliza, Mzee kumbuyo amafunsa kuti, “Ukuti chiyani?”

Ndimati, “Ndikuwapempherera, Mzee.”

Iwo amati, “Pemphero lako ndi lalitali. Nyale ya maloboti yasintha, tiye.”