Ndinathira Madzi a Sopo M'mabuleki

Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ine ndemwe. Palibe anandilodza ayi. Chinandipweteketsa ndi matama komanso kusamva.

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Zaka zingapo zapitazo ndinagula galimoto yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan, yofiira, ya zitseko ziwiri, ija anaipangira liwiro. Anzanga ankandiseka kuti ndagula chinthu chosanyamula ngakhale thumba la chimanga, ine n'kumati ndi nsanje chabe. Mkazi wanga sanaikonde n'komwe. Amene ankaikonda ngati ine anali mwana wathu wamkazi Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu.

Vuto linayamba nditaona pa foni zithunzi za magalimoto otere atawatsitsa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Ndinapita kwa a Nakoma, makaniko wachikulire wa pa Boma, kuti andidulire masipuling'i, yanganso itsike. Anakanitsitsa. Anati misewu yathu ya m'minda ya tiyi ndi ya mathirakitala, yodzaza miyala, ndipo kunsi kwa galimoto n'komwe kumadutsa mapaipi a mabuleki. Ndinawaona ngati achikale. Ndinapita kwa wowotcherera wina amene sanafunse zambiri. Anadula, n'kundiikiranso paipi ya utsi yaikulu yoti ndikaponda mafuta, othyola tiyi onse ankadzutsa mitu. Ndinkamva kukoma zedi.

Kuyambira pamenepo, pa hampu iliyonse ndi pa mwala uliwonse galimoto inkakhula pansi. Patatha miyezi iwiri ndinayamba kuona timadontho pamalo pomwe ndinkaimika, ndipo kanyali kofiira kanayamba kuyaka pa dashibodi. Mafuta a mabuleki ankatayika. Kubwerera kwa a Nakoma ndinachita nako manyazi, choncho ndinkangogula mafuta ena n'kumaonjezera.

Lamlungu lina masana tinakonzeka ndi Tadala kukaona agogo ake kufupi ndi Milonde. Nditatsegula boneti ndinapeza mafuta a mabuleki atatsala pang'ono kutheratu, ndipo m'nyumba ndinalibe ena. Ndinakumbukira zomwe ndinamvapo kwa madalaivala ena, zoti ukasowa mafutawo umasungunula sopo waufa m'madzi n'kuthira, umakafika. Ndinachitadi zomwezo. Nditaponda buleki inalimba, ine n'kudziyesa katswiri.

Tinayenda bwinobwino mpaka pamtsetse wina wautali. Chakumunsi ndinaona masamba ataikidwa pamsewu kusonyeza maliro, ndipo kutsogolo kwake khamu la anthu linali litadzaza msewu wonse, amayi akuimba, abambo atanyamula bokosi. Nonse mukudziwa kuti pamalo otere woyendetsa amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika. Ndinaponda buleki. Phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinapopa kawiri, katatu, osagwira. Ndinakoka handibuleki, galimoto inangopepeluka n'kumapitirirabe.

Abale anga, mantha amenewo sindingathe kuwafotokoza. Ndinaliza hutala, koma anthu a pamaliro sathawa hutala. Ena anangotembenuka n'kundiyang'ana mokwiya, poganiza kuti ndi mwano wa eni magalimoto aphokoso. Tadala anandigwira mkono n'kukuwa kuti, "Adadi, imani! Kuli anthu!"

Kumanja kunali phompho. Kumanzere kunali ngalande yakuya ya m'mbali mwa munda wa tiyi, ndipo kumanzereko n'komwe kunakhala mwana wanga. Kupita kutsogolo kunali kupha anthu osawerengeka. Ndinakhotera kumanzere.

Galimoto inakadziwomba pakhoma la ngalande, mbali ya Tadala. Ine ndinatuluka ndi timabala tochepa. Mwana anali zii, mwendo utapanikizika ndi chitseko, magazi akuyenderera pamphumi. Ndinamuitana dzina kangapo, osayankha. Anthu omwe ndikanawaponda aja ndi amene anatula bokosi pansi n'kudzakanganula chitseko ndi makasu omwe ankapita nawo kumanda. Bambo wina anandigwedeza phewa n'kunena kuti, "Achimwene, kulira mulira bwino, panopa gwirani mutu wa mwanayu." Lole ina yomwe inkabwera pambuyo itanyamula anamfedwa ndi imene inatithamangitsira kuchipatala. Njira yonse khutu langa linali pachifuwa pake, kuopa kuti asiya kupuma ndili chimugwirire.

Anatsitsimuka mawa lake. Mwendo unali utathyoka pawiri, ndipo madokotala anatiuza kuti udzakhala wofupikirapo. A Nakoma atakakoka galimoto ija anandionetsa paipi ya mabuleki itakhulika ndi miyala mpaka kubooka, madzi a sopo onse atatayikira pamtsetse paja. Sanandinyoze, anangopukusa mutu. Galimotoyo sindinaikonzetsenso.

Inu amene muli ndi magalimoto a liwiro, musamatengere za pa foni, pakuti misewu ya pazithunzi paja si yathu ino. Makaniko wodziwa ntchito akakana kanthu, funsani chifukwa chake ndipo mumvere. Mukaona dontho kunsi kwa galimoto kapena kanyali kofiira kakuyaka, imikani galimotoyo mpaka itakonzedwa, ngakhale anthu akusekeni kuti mwayamba kuyenda pansi. M'mabuleki musathiremo china chilichonse kupatula mafuta ake. Ulendo umene mukuuthamangirawo ungadikire.

Tadala tsopano amatsimphina popita kusukulu, ndipo mpira wamanja anausiya. Anzake akamufunsa za mwendo, amawauza monyadira kuti adadi ake anapulumutsa anthu a pamaliro. Ndikamva mawu amenewo mtima umandipweteka kuposa tsiku la ngozi. Za sopo uja sindinamuuzebe, ndipo tsiku limene adzadziwe ndikuliopa.