Chidebe cha pageti la sukulu

Ku Chinsapo anthu amamuitanabe kuti make Favour, ngakhale Favouryo kulibenso. Dzina lake ndi Jacinta. Anachokera ku Ntcheu atalekeza Folomu 2, kutsatira mwamuna wake Wilkins, kondakitala wa minibasi. Amagulitsa tomato pabenchi pakhomo, ndipo ana anali nawo awiri, Favour ndi mng'ono wake Elsie.

Kolera inalowa m'dera lawo mu Disembala, sukulu zili patchuthi, mvula itadzaza zimbudzi mpaka kusefukira m'zitsime. Favour anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika mawa lake anali atatsirizikira mutenti ya pachipatala. Achipatala sanalole amake kumusambitsa. Anamukulunga m'pulasitiki, maliro osagona, osaphika kanthu. Zovala zake anaziviika m'kolorini, moti yunifomu inatuluka ya mawangamawanga. Fungo lija linakhala m'nyumba mwezi wathunthu.

Mu Januwale sukulu zinatsegula. Elsie amayenera kuyamba Sitandade 1, koma amake anamutsekera m'nyumba. Sukuluyo amaidziwa bwino: ana ochuluka ngati nyerere, mpopi umodzi, zimbudzi zopanda zitseko.

“Ndiye mwanayu akalambira pabenchi ya tomato?” anafunsa Wilkins.

“Bola akalambe,” anatero Jacinta.

Sabata yachiwiri Elsie anadzivalira yekha yunifomu ya mkulu wake, yofika m'akakolo, nakhala pakhonde. Jacinta anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamugwira dzanja.

Pageti anapeza zasintha. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mafilizesi anali atawachotsa. Panali chidebe cha madzi a kolorini, ndipo mwana aliyense amayenera kusamba m'manja asanalowe. Wothirira anali mayi Magret a m'komiti ya sukulu, okhaokha, thukuta lili kamukamu.

“Iwe, manja onse awiri! Linalo wasungira agogo ako?” anatero mayi Magret kwa mwana wina. Atatembenuka anamuona Jacinta. “Mwabwera amake Fa...”

“Malizani, mayi. Dzina langa ndi lomwelo.”

Fungo la kolorini linamufika. Jacinta anagwira chipilala cha geti. Elsie nayenso anabisa manja kumbuyo.

“Madziwa akununkha ngati tsiku lija, amama.”

Jacinta anagwada, natenga kapu m'manja mwa mayi Magret, n'kumuthirira yekha mwana wake, chala chimodzichimodzi. Apo anaona kuti belu likalira ana ambiri amangodutsa kumbali kwa chidebe, kuthamangira kumzere osasamba. Ena mwa iwo amawadziwa, anzake a Favour amene tsopano anali mu Sitandade 3. Kamtsikana kena kanaima n'kuyang'anitsitsa yunifomu ya Elsie, kenaka kanathawa.

“Ndimawaona,” anatero mayi Magret motsitsa mawu. “Ahedi anapempha makolo kuti tizisinthana, koma aliyense ali ndi geni yake. Manja anga ndi awiri okha.”

Elsie analowa, yunifomu ikukwekwereza m'matope, osacheuka. Jacinta anatsala pageti kapu ili m'manja mpaka bwalo linati zii. Misozi anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, chifukwa manja amanunkha kolorini.

“Tomato aziyamba kugulidwa mochedwa,” anatero. “Mawa ndibwera ndi kapu yanga. Inu muime uku, ine ndiima mbali imene amazemberayo.”